Masipeya a Land Rover yakale: mmene timaodera kunja

Achimwene, mwati muli ndi Land Rover Series III imene yakhala zaka zambiri osayenda, ndipo mukufuna kuidzutsa nokha pakhomo. Funso lanu ndi lakuti ife odutsa malire ndi masipeya timagwira bwanji geni yathu, nanga bwanji chitsulo chooneka chotchipa pa intaneti chimafika m'manja mwanu mtengo utakwera chonchi.

Choyamba, ife sitioda ndi dzina, timaoda ndi nambala. Mukandilembera kuti mukufuna mabuleki a Land Rover, simunandiuze kanthu. Galimoto zimenezi zinayamba kupangidwa mu 1948 ku Solihull, ku England, ndipo Series III yokhayo inatuluka kuyambira 1971 mpaka 1985. Kunja zimaoneka zofanana, koma mkati zinasintha kangapo. Yaifupi ija ya mainchi 88 ndi yaitali ya 109 (kuyeza kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo) mabuleki ake ndi osiyana: zambiri za 88 zili ndi madiramu a mainchi 10, za 109 a mainchi 11. Difu yakumbuyo ya 109 ndi ya mtundu wa Salisbury, ya 88 ndi ya mtundu wa Rover. Injini ya 2.25, kaya ya petulo kaya ya dizilo, poyamba inali ndi ma main bearing atatu, kenako cha m'ma 1980 anaika asanu. Galimoto zina zinalumikizidwira ku South Africa ndi zitsulo zakomweko, zina ndi za kampani ya Santana ya ku Spain.

Ndiye musadalire mapepala okha. Galimoto ya msinkhu umenewu yadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense anaikamo chimene anapeza. Mapepala akhoza kunena 2.25 koma m'bonetimo muli injini ya dizilo ya 200Tdi yochotsedwa mu Land Rover Discovery, kapena injini ya Toyota. Chimene ndimafuna ndi nambala ya chassis, ya pachimbale cha pa bulkhead (khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi mokhala anthu) komanso yodindidwa pachitsulo chenichenicho, nambala ya injini, ya giyabokosi, ndi zithunzi. Ngati ndi half shaft yathyoka, shafiti ija yochoka pa difu kupita ku tayala, isololeni, muipukute, muike kadontho ka choko pa dzino limodzi, muwerenge mano mozungulira mpaka mubwerere pa chokopo. Akhoza kukhala 10 kapena 24, ndipo ziwirizo sizilowana. Ngati pachitsulo chakalecho pali nambala, zija zoyamba ndi RTC, FRC, ERR kapena STC, ijambuleni. Chikakhala chonyamulika, ndipatseni chakalecho ndipite nacho, ndikayerekezere pakauntala.

Koma musanandipatse ndalama iliyonse, tengani hamala mulowe pansi pa galimoto. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndiye imapusitsa. Chassis ndi bulkhead ndi chitsulo wamba, ndipo chassis imadyeka kuchokera mkati, momwe matope amakhala chinyowere, ngati mtanda wa denga wofumbwa ndi chiswe. Gogodani crossmember yakumbuyo (chitsulo chopingasa kumapeto kwa chassis), ma outrigger (mikono ya m'mbali yonyamula bodi), ndi pogwirira masipuling'i. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu n'kugwetsa makoko. Pa bulkhead onani popondera mapazi, mizati ya zitseko ndi m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Pomwe aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo muona ufa woyera, pamenepo ndiye aluminiyamuyo akudyeka. Zigamba zowotcherera malo onsewa zimagulitsidwa ndipo ndimabweretsa. Chassis yatsopano yathunthu, yagalavanaizi, iliponso ku UK, koma kuinyamula n'kodula kwambiri, ndipo popeza nambala ya galimoto ili pa chassis, muyambe mwafunsa kolembetsera galimoto musanaisinthe. Munthu wogula ma piston chassis ili yoboola ndimamumvera chisoni.

Tsono kumene timaoda. Zatsopano zambiri zimachokera ku UK, mwina mwachindunji, mwina kudzera kwa ogulitsa a ku Johannesburg, chifukwa ku South Africa galimotozi n'zambiri ndipo Land Rover Defender ankailumikiza komweko ku Rosslyn. Zakale timatola m'masikirapu. Ku Sharjah ndi ku Japan kumachuluka za Toyota, Nissan ndi Mitsubishi, makamaka ma half-cut, galimoto yodulidwa pakati yobwera ndi injini, giyabokosi ndi mawaya ake. Wa Land Cruiser kumeneko ndi kwawo, wa Series III sapezako zambiri. Chenjezo lake n'lakuti galimoto zoyenda m'maiko a Aluya chiwongolero chili kumanzere, pomwe za ku UK, Japan ndi South Africa chili kumanja, choncho steering box ndi zina zoyendera limodzi sizigwirizana.

Sipeya yatsopano ili mitundu itatu ngakhale nambala ndi imodzi. Pali genuine, ya m'bokosi la Land Rover. Pali OEM, yopangidwa ndi kampani yomwe inkapangira Land Rover koma yogulitsidwa m'bokosi lake. Ndiye pali yongotengera, yotchipa. Ine maganizo anga ndi awa: magetsi, malabala a zitseko, magalasi oonera kumbuyo, gulani zotchipa, palibe vuto. Koma masilinda a mabuleki ndi a kilatchi, ma bearing, ma seal, ndi lamba wa timing ngati muli ndi Tdi, musaumire. Seal yakumbuyo kwa crankshaft ndi kanthu kakang'ono, koma kuti muifikire muyenera kulekanitsa injini ndi giyabokosi, ndipo pa Series zimenezo zimatanthauza kuzula injini kapena kuchotsa mipando ndi pansi pake. Ikadontha pakatha mwezi, ntchito yonseyo muibwereza. Zakale zabwino ndi zitsulo zikuluzikulu: giyabokosi, difu, ekiselo, zitseko. Chilichonse cha labala chakale ndimakana.

Mtengo umakwera motere. Ndimalandira dipoziti, chifukwa sipeya ya galimoto ya 1976 mukaikana palibe wina woigula mawa, mpamba wanga ugona pashelefu. Kenako ndimadikira kuti maoda achuluke, popeza kunyamula bokosi limodzi palokha n'kodula. Onyamula amawerengera kulemera kapena kukula, chimene chachuluka. Makampani otumiza pandege amachulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa bokosi m'masentimita n'kugawa ndi 5000, ena 6000, chotulukacho n'kuchitenga ngati makilo. Ndiye chitseko cha aluminiyamu chimene mwana akhoza kunyamula chimalipira ngati difu. Injini ndi giyabokosi timazikhetsa oyilo, kuzimangirira pa phaleti, n'kuziyendetsa pa thiraki kapena m'kontena.

Pamalire, a kasitomu sawerengera msonkho pa mtengo wa m'sitolo wokha. Amaphatikiza mtengowo, ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi, msonkho n'kukhala pamwamba pa zonsezo, VAT n'kubweranso pamwamba pa msonkhowo. Katundu aliyense ali ndi nambala yake ya HS, imene a kasitomu amasiyanitsira mitundu ya katundu: masipeya ambiri ali pa 8708, injini ya dizilo pa 8408, ma bearing pa 8482, ndipo msonkho wake ukhoza kusiyana, n'chifukwa chake invoisi iyenera kulemba chinthu chilichonse pachokha. Ambiri amaganiza kuti chogulidwa ku South Africa chimalowa mopepuka pa mgwirizano wa SADC. Mgwirizanowo umayang'ana kumene chinthu chinapangidwa, osati kumene chagulidwa. Sipeya yopangidwa ku England, ku India kapena ku China imalipira zonse, ngakhale mutaigula pakati pa Johannesburg. Onjezani ajenti wokiliyalitsa katundu, kusintha ndalama, ndi phindu langa, mtengo uja mwauona.

Mudzakumana ndi ena okuuzani kuti alembetsa invoisi yotsika. Akasitomu amaona masipeya tsiku ndi tsiku, mitengo amaidziwa. Akakayikira amaika mtengo wawo, amalipiritsa chindapusa, nthawi zina amagwira katundu, ndipo wogwidwayo ndi wanu. Injini yakale muziumirira lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo ndi kumene yagulidwa, chifukwa mudzaifuna posintha mapepala a galimoto, komanso ndi umboni wakuti si yakuba.

Kubweza sipeya yolakwika kudutsanso malire n'kosatheka kwenikweni, ndalama yake imaposa sipeyayo. Ndiye phwasulani kaye, mulembe mndandanda umodzi, tioderetu pamodzi. Tizinthu tating'ono ndi timene timaimitsa ntchito mwezi wathunthu: ma gasket, ma shim, ma bush a masipuling'i, ma lock washer a m'mahabu. Yang'ananinso mipira yachitsulo yonyezimira ya swivel, pomwe matayala akutsogolo amakhotera. Ikakhala ndi timaenje ta dzimbiri, seal yatsopano idzang'ambika msanga, ndiye mpirawo ulowe pa mndandanda. Mabawuti akale musataye, muwaike m'tizitini tolembedwa. Pa galimoto imodzi yomweyo mupeza ulusi wa Whitworth, BSF, UNF, ndipo pa zomalizira metric, choncho bawuti ya m'hadiweya ikhoza kulowa pang'ono n'kuononga ulusi. Masipanala a mainchi muwafuna.

Zina ndimakana kunyamula ngakhale mutandilipira, poti n'kutaya ndalama. Radiyeta ya Series ndi ya kopa ndi bulasi, amisiri amaisungunula mtovu n'kuisintha pakati. Sitata ndi alternator zimakonzeka. Masipuling'i a masamba amaphwasulidwa, kupalidwa dzimbiri, kupindidwanso, kusintha tsamba lothyoka lokhalo. Mapaipi a mabuleki gulani mpukutu ndi timitu take, mupinde nokha potengera akalewo. Galasi lakutsogolo ndi zidutswa ziwiri zafulati, ndiye tengani chakalecho mupite nacho kwa odula magalasi a galimoto, muwauze kuti mukufuna laminated, galasi lokhala ndi pulasitiki pakati.