Kusaka ndalama zachitsulo pagombe ku England: lowani kaye kalabu, makina mugule pambuyo

Bambo wina wokhala ku Liverpool watitumizira imelo. Akuti akapita kokawongola miyendo kugombe Loweruka amaona anthu atavala mahedifoni, akuyendetsa makina ofufuzira zitsulo pamwamba pa mchenga n'kumakumba, ndipo nayenso mtima wamukoka. Akufunsa zinthu zitatu: agule makina ati, kodi pamafunika chilolezo, nanga kulowa kalabu kuli ndi phindu kapena n'kungotaya ndalama?

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Tiyamba ndi funso lomalizalo, chifukwa ndi lomwe lingateteze thumba lanu.

Lowani kalabu musanagule chilichonse. Makalabu ambiri amakumana kamodzi pamwezi madzulo, aliyense atabweretsa zomwe watola, n'kuziyala patebulo. Pamenepo mumagwira makina osiyanasiyana, kumva kulemera kwake, kumva kulira kwake, ndipo kawirikawiri pamapezeka wina amene akugulitsa ake akale pamtengo wabwino. Safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito iyi phulalo ndi makina a mapaundi mazana angapo amene amakana kugwira ntchito pamchenga wonyowa. Makalabu ena amakhala odzaza moti amakulembani pamndandanda wodikira, choncho lemberani awiri kapena atatu nthawi imodzi. Ambiri adzafuna kuti mukhale ndi inshulansi. Kulembetsa ku National Council for Metal Detecting, bungwe la osaka ndi makinawa, n'kotsika mtengo ndipo kumabwera ndi inshulansi yokutetezani wina akavulala kapena katundu akawonongeka chifukwa cha inu. Mudziwenso kuti mamembala ambiri mtima wawo uli kuminda, kumene kalabu imapempha chilolezo kwa alimi, chifukwa ndalama zakale kwambiri zimatuluka kumeneko. Mukafika, funsani kuti oyenda kugombe ndi ati. Amakhalapo awiri kapena atatu, ndipo amenewo ndiwo muwamamatire.

Tsopano za chilolezo. Ku England malo aliwonse ali ndi mwini, ngakhale gombe. Pafupifupi theka la mchenga umene umamira madzi akadzaza n'kuoneka akaphwera lili m'manja mwa Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu, ndipo pamalo awowo amalola kusaka popanda kupempha kalata, bola mutsate malamulo awo: zida zamanja zokha, osaboola nthaka yolimba ya pansi pa mchenga, ndi kukwirira dzenje lililonse. Ali ndi mapu pa intaneti osonyeza mbali zomwe ndi zawo. Mchenga wouma wakumtunda, pomwe anthu amayala mataulo, nthawi zambiri ndi wa khonsolo, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi mfundo zake, choncho alembereni imelo. Malo a National Trust, bungwe losamalira malo akale ndi achilengedwe, monga mbali ina ya gombe la Formby pafupi nanu, sasakidwa popanda chilolezo chapadera. Malo akale otetezedwa ndi boma ndiye osayerekeza, ndi mlandu. Mukadzapita ku London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames mumafunika chilolezo cha Port of London Authority.

Palinso lamulo la Treasure Act 1996. Ndalama ziwiri kapena kuposa zopezeka pamodzi, zomwe zatha zaka 300 ndipo gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposa ndi golide kapena siliva, ndi chuma chofunika kuchinena. Zikakhala zamkuwa, chiwerengero chake ndi 10. Muli ndi masiku 14 oti munene, ndipo njira yosavuta ndi kudzera kwa Finds Liaison Officer wa dera lanu, ofesala wolembera zinthu zakale zotoledwa, yemwe amagwira ntchito pansi pa Portable Antiquities Scheme ya British Museum. Maofesala amenewa amayendera misonkhano ya makalabu, chomwe ndi chifukwa chinanso cholowera. Chinthu chochokera m'sitima yomira chimanenedwa kwa Receiver of Wreck, ofesala wa boma woona za katundu wa sitima zomira, pasanathe masiku 28. Ku Scotland malamulo ndi ena, musatengere a kuno.

Nkhani ya makina yagona pa mchere. Amene munazolowera mchenga wa ku Senga Bay kapena Mangochi muiwale kaye, chifukwa madzi a nyanja yathu alibe mchere. Mchenga wonyowa ndi madzi amchere umadutsitsa magetsi, ndiye makina otumiza frequency imodzi yokha (mtundu umodzi wa mafunde amagetsi ofufuzira pansi) amauona ngati chitsulo chimodzi chachikulu. Amangolira paliponse ngati nkhululu, ndipo kuti akhale chete mumatsitsa mphamvu mpaka sakuonanso ndalama ili pansi pang'ono. Pamchenga wouma amagwira bwinobwino, vuto limayamba mukangoponda ponyowa. Funani makina otumiza ma frequency angapo nthawi imodzi: Minelab Vanquish kwa woyamba, Minelab Equinox, Nokta Legend kapena XP Deus II kwa amene thumba likulola. Pa ma Vanquish oyambirira, mbale yapansi yoyendetsa pamchenga imalowa m'madzi koma kabokosi ka pamwamba ayi, funde limodzi likhoza kukawononga. Pali mtundu wina wotchedwa pulse induction umene mchere suusokoneza ndipo umafika pansi kwambiri, koma susiyanitsa bwino msomali ndi ndalama. Woyamba kumene angatope nawo tsiku loyamba.

Chida chachiwiri ndi fosholo yobowolabowola yachitsulo chosachita dzimbiri, ya mpini wautali. Mumaiponda ndi phazi, kutukula mchenga, kuigwedeza m'madzi, mchenga n'kutsika, ndalama n'kutsala ikulira ngwee m'kati. Yapulasitiki imathyoka pamchenga wonyowa. Onjezani mahedifoni chifukwa mphepo ndi mafunde zimameza kulira kwa makina, magolovesi chifukwa cha mbedza ndi zitini zong'ambika, ndi thumba la m'chiuno la zigawo ziwiri, china cha zinyalala. Zinyalalazo muzichoka nazo, apo ayi mudzazikumbanso mawa.

Chimene chingakupheni pagombe ndi madzi obwerera. Nyanja imadzaza ndi kuphwera kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho onani tebulo la nthawi zodzaza ndi kuphwera la tsiku limenelo, osati la sabata yatha. Madzi amaphwera kwambiri tsiku limodzi kapena awiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, ndipo masiku amenewo ndi amene mchenga wobisika umaoneka. Koma ndi masiku omwewonso madzi amabwerera ndi liwiro. Cha ku Liverpool amatha kukwera mamita 9 kapena kuposa m'maola 6, ndipo theka la kukwerako limachitika m'ola lachitatu ndi lachinayi. Pagombe lafulati madzi sabwera kuchokera kutsogolo kokha: amayamba adzaza timakwawa ta kumbuyo kwanu inu mutaweramira pansi, mahedifoni ali m'makutu. Ku Morecambe Bay, kumpoto kwanuko, anthu oposa 20 otola nkhono anafa motero mu February 2004. Yambani kutatsala maola awiri kuti madzi afike pophwera penipeni, muziwatsatira pamene akutsika, ndipo akangotembenuka inunso tembenukani. Tcherani alamu pafoni. Mukafukula chinthu chooneka ngati chipolopolo chachikulu kapena bomba lakale lankhondo, musachigwire, chokanipo, imbani 999 n'kupempha Coastguard, opulumutsa anthu panyanja.

Nanga ndalama zimakhala pati? Pali kusaka kuwiri. Kwina ndi kwa pamchenga wouma m'chilimwe, madzulo anthu atabalalika kapena m'mamawa: mzere umene anthu amakhalapo, pafupi ndi masitepe, pogulitsira ayisikilimu, polowera. Pamenepo mumatola zongogwa kumene, zosazama. Kwina ndi kwa m'nyengo yozizira, ndipo ndiko kokoma. Ndalama ndi mphete n'zolemera kuposa mchenga, choncho mafunde akamaugwedeza zimamira mpaka zitakhazikika pa dongo kapena timiyala tolimba. Mchenga wofewa ukaunjikana pamwamba, ngakhale makina odula bwanji safikapo. Ngati phazi likutitimira ndipo mukungotola tizidutswa topepuka ta zitini, samukani, tsiku limenelo pamenepo palibe kanthu. Namondwe akawomba kwa masiku angapo amasesa mchengawo, n'kusiya kaphompho kodulidwa ngati ndi khasu, pena kofika m'bondo. Yendani m'munsi mwa kaphomphoko. Mukaona miyala yakuda, dongo, kapena mukayamba kutulutsa mtovu wa asodzi, chepetsani liwiro, chifukwa nyanja imasanja zinthu potengera kulemera, ndipo pamene pagona mtovu pamagonanso ndalama zakale ndi golide. Mukapeza ndalama ziwiri kapena zitatu motsatana, onani mzere wake. Kawirikawiri umayenda motsata m'mphepete mwa madzi. Mchengawo ukhoza kubwerera pakangodutsa masiku awiri, choncho musadikire Loweruka ngati mpata ulipo.

Kayendetsedwe ka makina ndi komwe oyamba ambiri amalakwitsa. Mbale ikhale yogona, pafupifupi kukhudza mchenga, osaitukula kumapeto ngati mukutchetcha udzu. Kupita ndi kubwera kulikonse kuphimbe theka la pomwe mwadutsa kale. Ponyowa yendani motsata madzi, kuti kunyowa kwa pansi kusasinthesinthe n'kusokoneza makina. Akayamba kulira mwachisawawa, tsitsani sensitivity, mphamvu yomvera ija, pang'onopang'ono mpaka adekhe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kamalo kakang'ono kosakidwa bwino kamapereka zambiri kuposa kilomita yothamangidwa.

Musadabwe ndi zomwe zituluke. Ma 1p ndi 2p kuyambira 1992, komanso ma 5p ndi 10p kuyambira 2012, m'kati mwake ndi chitsulo wamba chongokutidwa, choncho m'madzi amchere amatupa ndi dzimbiri ndipo makina amawamva ngati misomali. Paundi yakale yozungulira inasiya kugwira ntchito mu October 2017, koma mudzaitola yambiri. Zosangalatsa ndi za chaka cha 1971 chisanafike: mapeni akuluakulu amkuwa, masheleni ndi masikisipensi, ofanana maina ndi omwe agogo athu ankawerengera kwacha isanabwere. Zoyera za 1920 isanafike ndi siliva weniweni, za 1920 mpaka 1946 siliva ndi theka, ndipo kuyambira 1947 mulibemo siliva. Siliva wa m'nyanja amatuluka wakuda bii, musamutaye. Mphete yagolide imalira mofanana ndi kotsekulira chitini, ndiye amene amauza makina kuti azikana totsekulirato amakananso golide. Kumbani zonse. Mukapeza mphete, foni kapena makiyi, mwini wake alipo ndipo lamulo limafuna kuti muyesetse kumupeza: lengezani m'magulu a Facebook a deralo osatchula zolembedwa m'kati mwa mpheteyo, kuti mwini weniweni azitchule yekha.

Pofika kunyumba viikani ndalamazo m'madzi abwino kwa masiku angapo, mukusintha madziwo, kuti mchere utuluke. Zatsopano mukhoza kuzitsuka ndi mswachi. Yooneka yakale musaikweche, musaithire viniga kapena mandimu, chifukwa mumachotsa nkhope ndi chaka chomwe. Ikulungeni, mulembe tsiku ndi malo, mukaionetse kukalabu. Makinawo muwatsukenso ndi madzi abwino, muvule chivundikiro cha pansi pa mbale n'kuchotsa mchenga wolowamo, chifukwa mchenga wamchere ukatsalira mmenemo makina amadzalira zabodza ulendo wotsatira.