Ali pa belo, koma mlandu wa katangale sunamuchoke

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti mkulu wina yemwe khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wa katangale adakumana naye m'sitolo ku City Centre, ali mu suti, akusankha nyama mufiriji mopanda nkhawa. Akufunsa ngati apilo yafafaniza mlanduwo, komanso ngati munthu wotere angapikisane nawo pa uphungu.

Mayi, mlanduwo ulipobe. Kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Chomwe bamboyo adapeza ndi belo yodikirira apilo, ndipo imasiyana ndi belo ya munthu amene bungwe lothana ndi katangale la ACB langomugwira kumene. Wongogwidwa kumeneyo malamulo amamuona ngati wosalakwa, ndiye ndi boma lomwe liyenera kufotokoza chifukwa chomusungira m'chitokosi. Koma chigamulo chikaperekedwa, zinthu zimatembenuka. Wolakwayo ndiye ayenera kuonetsa zifukwa zapadera: kuti apilo yake ili ndi mwayi waukulu wopambana, kapena kuti angamalize zaka zake kundende apiloyo isanamvedwe. Akamulola, nthawi zambiri amasiya pasipoti, amapereka chikole, ndipo amakaonekera kwa apolisi kapena ku ACB pa masiku oikika.

Mukukumbukira a Thom Mpinganjira, mkulu wa bizinesi uja? Mu 2021 adagamulidwa zaka 9 pa mlandu wofuna kupereka ziphuphu kwa majaji a mlandu wa chisankho cha 2019. Mu 2022 bwalo la Supreme lidawatulutsa pa belo. Anthu ambiri adati awina, chonsecho tsikulo bwalo silimaweruza apiloyo.

Za uphungu, gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa munthu amene wapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo m'zaka 7 zapitazo. Belo imangomutulutsa kundende, siimuyeretsa dzina.

Ine belo yotereyi sindiida. Majaji amalakwitsanso, ndipo zaka zimene munthu wakhala ku Maula palibe angamubwezere. Chimandinyansa ndi kuchedwa kwa apilo. Munthu akangotuluka, changu chonse chimatha: lero loya wadwala, mawa mafayilo a khoti loyamba sanakonzeke. Ndipo amene amafika popempha beloyi ndi okhala ndi maloya odula. Mnyamata woba foni mu msika wa Tsoka amamaliza chilango chake asanamve n'komwe kuti pempho lotere liliko.