Kodi tsamba lililonse la pa intaneti ndi tsamba la mchezo?

Achemwali, mwafunsa ngati chilichonse chimene timatsegula pa foni ndi tsamba la mchezo, komanso ngati WhatsApp ndi YouTube zili m'gulu limodzi ndi Facebook. Ena akuyankhani kale kuti zonsezo ndi intaneti basi, koma ine ndikuona kuti kusiyana kulipo ndithu.

Yesani motere: chotsanimo anthu amene amalowamo, muone chimene chitsale. Tsamba la banki kapena la unduna wa boma, ngakhale pathe mwezi popanda woliwerenga, zonse zili pomwepo chifukwa amalemba ndi eni ake. Koma Facebook mukachotsamo anthu, simutsala kanthu. Kampani ya Meta, eni ake a Facebook, silemba uthenga wa maliro a kwanu, sijambula zithunzi za chinkhoswe, sitsatsa zitenje kapena usipa. Zonsezo timaikamo ndife.

Sizinayambe chonchi. Tim Berners-Lee anabweretsa ganizo la World Wide Web, njira yolumikizira masamba a pa intaneti, mu 1989 akugwira ntchito ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva, ndipo masamba ambiri a zaka zoyambirira anali ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu: umawerenga n'kupitirira. Mu 1997 kunabwera tsamba la SixDegrees, pomwe munthu ankalembetsa dzina lake n'kukhala ndi mndandanda wa anzake. Facebook inayamba mu 2004 ili ya ophunzira a pa Harvard okha, ndipo mu 2006 ndi pamene inatsegulidwa kwa aliyense wa zaka 13 kupita m'mwamba.

Kukhala ndi dzina ndiponso anzako olumikizana nawo n'kofunika, koma chimene ine ndimachiona kukhala chachikulu ndi munthu wachitatu. Mukandilembera uthenga ine ndekha pa WhatsApp, sizikusiyana kwenikweni ndi SMS. Mchezo umayamba pamene zomwe mwanena kwa ine wina akuziona, akutha kulowererapo, kutsutsa kapena kuzipititsa kwa ena. Taonani zimene zimachitika m'gulupu ya anthu a mudzi umodzi kukagwa zovuta. Wina wa ku Johannesburg amalemba kuti mnzathu watisiya, thupi likufunika kupita kumudzi. Adimini amayambitsa mndandanda wa chipepeso, ndipo aliyense akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba amakopera mndandandawo, kuwonjezera dzina lake m'munsi, n'kuubwezera m'gulupu. Amene anali chete akaona kuti mnansi wake wapereka, naye amadzuka. Wina amakumbutsa kuti malume ake a malemu sanauzidwe, wina amapeza galimoto. Palibe mmodzi amene akanachita zonsezi payekha, ndipo zatheka chifukwa aliyense akuona zochita za mnzake.

Ndiye WhatsApp ili mbali zonse. Magulupu ndi Status ndi mchezo weniweni. Koma ma Channel amene anayamba mu 2023 ine sindiwawerengera kwenikweni, chifukwa mwini wake ndiye amalankhula, otsatira amangoika kachizindikiro, ndipo sadziwana n'komwe.

Zipangizo pazokha sizikwanira. Google inatsegula Google+ mu 2011, muli zonse: kuika zithunzi, kulemba ndemanga, kugawa anzako m'magulu. Anthu ambiri analembetsa koma sankachezamo, mpaka inatsekedwa mu 2019. Ku South Africa Mxit, pulogalamu yotumizirana mauthenga pa foni, inali pakamwa pa wachinyamata aliyense, koma anthu atasamukira ku WhatsApp inazilala mpaka kutha.

YouTube, imene inayamba mu 2005 n'kugulidwa ndi Google chaka chotsatira, imakhoza mayeso oyamba aja ochotsamo anthu chifukwa mavidiyo ambiri amaika ndi anthu. Koma ambirife timangoonera osalankhula ndi munthu. Ndiye ndinganene kuti ndi tsamba la mchezo kwa amene amaikapo zinthu ndi kuyankhana mu ndemanga, pomwe kwa enafe ikugwira ntchito ya wailesi ya kanema.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Kuyambira pamene Facebook inayambitsa News Feed mu 2006, mndandanda wa zolemba za ena umene timauona tikangotsegula, pang'ono ndi pang'ono makina ndi amene akhala akusankha zoti tione. Pa TikTok ndiye zafika poti mukhoza kutha maola osaona ngakhale munthu mmodzi womudziwa. Mchemwali wanu walemba kuti mwana wadwala, inu simunaone, koma kanema wa mlendo wa kutali wakupezani. Pamenepo dzina la mchezo lilipo, koma kucheza kukuchepa.

Ndipo poti zopezeka pamasambawa timafalitsa ndife, bodza nalo limayenda ndi manja athu omwewa. N'chifukwa chake mu 2019 WhatsApp inaika malire akuti uthenga uzipititsidwa kwa anthu kapena magulupu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo mu 2020 inachepetsanso kufika pa mmodzi ngati uthengawo wazungulira kale kwambiri. Tsamba la banki silifuna malire otere, chifukwa owerenga ake satumizirana kanthu kudzera pamenepo.