Njinga yamoto yayenda makilomita 68,000: ndigule kapena ndisiye?

Funso: Alangizi, ndimagulitsa katundu ndipo makasitomala anga ndimawaperekera pakhomo. Ndalama zolipira ondinyamulira zikundidyera phindu, choncho ndikufuna kukhala ndi njinga yamoto yangayanga. Ndapeza ya 125cc imene mita yake ikuonetsa makilomita 68,000. Mwini wake akufuna theka la mtengo wa yatsopano, ndipo ndalamayo ndi pafupifupi zonse zimene ndasunga. Anzanga ena akuti njingayo inatha, ena akuti ndi mwayi. Ndimvere ati?

Yankho: Achimwene, m'kalata yanu chimene chandidetsa nkhawa kwambiri si makilomitawo ayi, koma mawu akuti "pafupifupi zonse zimene ndasunga". Komabe tiyambe ndi njingayo.

Makilomita 68,000 pa injini ya 125cc ndi mtunda ndithu. Injini yaing'ono imazungulira kwambiri kuti ifike pa liwiro limene yaikulu imayenda mosavutika, ndiye imakalambanso msanga. Koma chimene chimapha injini kwenikweni ndi oyilo wokhalitsa. Injini zotere zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo pa njinga zambiri zamagiya oyilo yemweyo ndi amene amatumikira injini, magiya ndi kilachi. Njinga imene mwini wake ankasintha oyilo pa nthawi yake imatha kukhala yamphamvu pa 68,000, pomwe ina yosasamalidwa imakhala itatheratu isanafike ndi theka lomwe. Choncho funsani malisiti a ku galaja, kapena mupite mukacheze ndi makaniko amene amaikonza.

Mita nayonso musaikhulupirire kwathunthu. Chingwe chake chimatha kuduka kapena kuchotsedwa dala, njinga n'kumayenda manambala ali chiimire. Yang'anani labala wa popondera mapazi ndi wa zogwirira. Ngati zasalala mpaka chitsulo kuonekera, zikukuuzani zaka zenizeni za njingayo. Penti watsopano asakukopeni, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Muuzeni mwini wake kuti asailize inu musanafike. Mukafika, gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti mwina akubisa vuto la kulira movutikira m'mawa, ndiye mubwerenso tsiku lina. Ilizeni ili yozizira, inu muime kumbuyo n'kumaona utsi. Utsi wabuluu umene sukutha ngakhale injini itatentha ukusonyeza kuti ikuwotcha oyilo, ndipo kawirikawiri amakhala malingi a pisitoni amene atha. Mverani bwino phokoso. Kaphokoso kakang'ono ka "tikitiki" pamwamba nthawi zambiri amakhala mavalavu ofuna kuwachuna, ntchito yosadula. Koma kugogoda kwamphamvu kochokera pansi pa injini ndi matenda aakulu, ndipo ine njinga yotero sindingakulangizeni ngakhale atatsitsa mtengo chotani.

Mukaikwera, lowetsani giya yapamwamba n'kukoka moto mwamphamvu. Injini ikakweza mawu koma liwiro osawonjezeka, kilachi yatha. Musapite nokha. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsayo, mumulipire kuti ayeze kompuleshoni ya injini, kutanthauza mphamvu imene pisitoni ikupanikizira mpweya m'kati mwake. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi imene ingakupulumutseni.

Zina ndi zotha pa njinga iliyonse, sizoopsa, koma zimafuna ndalama. Kokani tcheni kumbuyo kwa siproketi (chitsulo chozungulira chamanomano chimene tcheni limakolapo) ya tayala lakumbuyo. Likanyamuka mpaka mano kuonekera, latha, ndipo tcheni limasinthidwa pamodzi ndi masiproketi onse awiri. Onani ngati mashoko akutsogolo akutuluka oyilo, onaninso mabuleki ndi batire. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala 4 osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma n'kumaterera ngakhale mano ake akuonekabe.

Tsopano ku ndalama. Tengani pepala, makaniko akuuzeni mtengo wa chilichonse chofunika kusintha m'miyezi 6 yoyambirira, ntchito yake yomwe. Wonjezanipo zosinthira umwini, inshuwalansi ndi chipewa choteteza mutu. Zonsezo muziphatikize ndi mtengo wa njingayo. Chiwerengero chimenecho ndiye mtengo weniweni, ndipo ndi chimene muyerekeze ndi wa yatsopano. Chikayandikira magawo atatu mwa anayi a mtengo wa yatsopano, kwa ine phindu la kugula yakale latha, chifukwa yatsopano kawirikawiri imabwera ndi waranti (lonjezo la ogulitsa lokonza zolakwika za kufakitale kwa nthawi yoikika) komanso nthawi yaitali yosakuvutitsani. Pepala lomwelo likuthandizaninso ponenerera, popeza mudzakhala mukumuonetsa wogulitsa zinthu zooneka ndi maso.

Pali mtengo wina umene ambiri amauiwala. Tsiku limene njinga yagona ku galaja, inu mulipira makaniko, mulipiranso wokunyamulirani katundu, ndipo kasitomala amene mwamuchedwetsa mwina sabweranso. N'chifukwa chake mufufuze ngati masipeya a mtundu umenewo amapezeka msanga kumene muli. Njinga yakale ya mtundu wofala ndi yabwino kuposa yooneka bwino imene sipeya yake mudikira mwezi wathunthu.

Apa ndi pamene ndikukupemphani muganize mofatsa. Mukathira zonse zimene mwasunga pa njinga yayenda chonchi, tsiku loyamba limene njingayo idzawonongeke mudzatapa mpamba wa katundu, ndipo bizinesi imene mumafuna kuipepuza ndi imene idzavulale. Ngongole ya chiwongoladzanja musaitengere njinga imeneyi, chifukwa njingayo ikhoza kufa inu mukubwezabe. Ngati mutagula simutsala ndi ndalama yokwana kukonza injini kamodzi, dikirani kaye miyezi ingapo. M'miyezi imeneyo muzilemba zimene mukulipira onyamula katundu, kuti muone ngati zikuposadi mafuta, oyilo ndi zokonzetsa zimene njinga yanu ingamadye.

Injini ikapambana mayeso a makaniko, mtengo n'kutsika moti mwatsala ndi ndalama yapadera, gulani. Koma musanapereke ndalama, onani kuti nambala ya chasisi ndi ya injini zikufanana ndi zolembedwa m'mapepala, ndipo dzina la m'mapepalamo ndi la amene akukugulitsaniyo. Zikasiyana, kapena akakana kuti makaniko wanu aione, isiyeni.