Khungu la har gow likung'ambika: yankho langa kwa achemwali a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Johannesburg. Mwana wawo anawatengera kumalo odyera a Matchaina ku Cyrildene, ndipo kumeneko anawabweretsera tizakudya tophika ndi nthunzi m'timadengu tansungwi. Kamodzi mwa ito kanali ndi khungu loonekera mkati, moti ankatha kuona ma prawns ofiirira (tinyama ta m'nyanja, tapachibale ndi nkhanu) asanalume n'komwe. Mawu awo anali akuti: "Achemwali, ndayesa katatu kunyumba. Ndikugwiritsa ntchito fulawa yemwe ndimaphikira mandasi. Khungu likumatuluka lochindikala ngati chapati chosapsa, ndipo pochotsa m'poto likumakakamira n'kung'ambika, zam'kati zonse panja. Komanso timadengu tija ndilibe. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali anga, manja anu alibe mlandu. Vuto lili pa ufa ndi pa madzi, ndipo mukakonza ziwirizi mwatha theka la ntchito.

Chimene munadyacho dzina lake ndi har gow. Ndi chimodzi mwa zakudya zing'onozing'ono zambiri zimene zimatchedwa dim sum, zomwe kwawo ndi kum'mwera kwa dziko la China, m'chigawo cha Guangdong, makamaka mumzinda wa Guangzhou, komanso ku Hong Kong. Eniake sanena kuti tikupita kokadya dim sum. Amati yum cha, kutanthauza kumwa tiyi, chifukwa tiyi ndiye mwini nkhani, tizakudyato n'tongoperekeza. Akuluakulu a kumeneko ali ndi kanenedwe kakuti kapu imodzi ndi timbale tiwiri, ndipo umenewo ndiwo mmawa wa munthu wokhazikika mtima. Ndikukuuzani zimenezi kuti mudziwe kuti har gow amapangidwa ndi anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yomweyo, ndipo ophika amayesedwa luso lawo pa kachakudya kameneka. Inu mwayambira pamwamba penipeni pa phiri.

Khungu la har gow silipangidwa ndi fulawa ayi. Limapangidwa ndi sitachi. Mu fulawa muli zinthu ziwiri zikuluzikulu: sitachi, ndi chinthu china chotamuka chotchedwa gluten, chomwe chimachititsa kuti ufa wa mandasi kapena wa buledi uzinyutuka mukaukanda. Gluten ameneyu ndi amene akuchititsa khungu lanu kukhala loyera ndi lolimba. Akamuchotsa, kumatsala sitachi ya tirigu yokhayokha, yoyera mbuu, yoti mukaitsina ndi zala imalira ngati mchenga wosalala. Sitachi ikapsa ndi nthunzi imaonekera mkati. Ku Cyrildene komweko, mumsewu wa Derrick Avenue, muli magolosale a Matchaina, ndipo pa paketi pamalembedwa kuti wheat starch. Mugulenso paketi ya tapioca starch. Imeneyi isakuopseni ndi dzina, ndi sitachi ya chinangwa chathu chomwechi. Ntchito yake ndi kupatsa khungu mphamvu yotamuka pang'ono kuti lisasweke popinda, chifukwa sitachi ya tirigu payokha siichedwa kung'aluka. Koma musatenge ufa wa kondowole n'kumati ndi chimodzimodzi. Ufa umenewo uli ndi mitsitsi ya chinangwa ndi fungo lake la kuviika, ndipo khungu lake silingaonekere mkati.

Tsopano madzi. Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, popeza inenso apa ndi pamene ndinataya sitachi yambiri ndisanamvetse. Poti mulibe gluten, palibe chogwirizanitsa ufawo. Mukathira madzi ozizira kapena ofunda, mupeza chiphalaphala chosagwirika, chonga laimu wopaka khoma. Chimene chimaugwirizanitsa ndi kupsa. Madzi ayenera kukhala owira kwenikweni, ochoka pamoto akubwata, kuti sitachi ipse pang'ono nthawi yomweyo n'kumatana. Inu mumadziwa kale zimenezi, kungoti simunaziganizire motere: ufa wa chinangwa umagwirana ukakumana ndi madzi owira, osati ofunda. Ine ndinkawiritsa madzi, n'kuwathira m'kapu yoyezera, kenako n'kuyamba kufunafuna supuni. Pofika pothira anali atazizira kale, ndipo ufa sunkagwirana. Masiku ano ndimayezeratu madzi, n'kuwonjezerako pang'ono chifukwa ena amauluka ndi nthunzi, ndipo mbale ya sitachi imakhala pambali pa moto penipeni.

Muyezo umene umandiyendera ndi uwu: magalamu 100 a sitachi ya tirigu, magalamu 40 a sitachi ya chinangwa, kamchere kotsina, ndi mamililita 160 a madzi owira. Thirani madzi onse nthawi imodzi, takasani msanga ndi mthiko, vundikirani kwa mphindi 5. Kenako thiranimo supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, ndipo kandani ufa udakali wotentha mpaka usalale. Ukhale wofewa ngati nsima yoti mwaumba kale m'manja, wosamatirira zala. Ukamang'aluka m'mbali, nyowetsani manja ndi madzi otentha n'kukandanso. Ukamamatirira, wazanipo kasitachi. Muyezo umenewu umatulutsa makungu pafupifupi 20. Muzivundikira nthawi zonse ndi kansalu konyowa, chifukwa ufa umenewu umauma msanga kwambiri, ndipo ukauma m'mbali basi ung'ambika popinda. Musauikenso mufiriji kuti mudzagwiritse ntchito mawa. Ukazizira umalimba, subwereranso.

Ophika a ku Hong Kong sagwiritsa ntchito ndodo yopalasira. Amatenga kambulunga ka ufa, n'kukadinda ndi mbali ya chimpeni chachikulu chopakidwa mafuta, n'kukatambasula kamodzi kokha. Inu ikani kambulungako pakati pa mapepala awiri apulasitiki opakidwa mafuta, n'kudinda ndi kunsi kwa poto wathyathyathya. Kakufuna kukula ngati kukamwa kwa kapu ya tiyi. Za timakwinya timene timakhala pakhungu la har gow musavutike nazo mtima. Amati wophika waluso amapinda timakwinya 7 kapena kupitirira 10, koma inu pindani pakati ngati mwezi watheka, tsinani m'mphepete kuti mutseke bwino. Timakwinya tidzabwera tokha manja akazolowera. Chimene chimang'amba khungu kawirikawiri ndi kudzaza kwambiri. Supuni yaing'ono imodzi ndi yokwanira.

Zam'kati mwa har gow n'zosavuta: magalamu 250 a ma prawns osenda, ochotsa kamtsempha kakuda kapamsana. Atsukeni ndi mchere ndi madzi ozizira, kenako muwaumitse bwinobwino ndi nsalu yoyera. Madzi otsalira ndi mdani. Theka muwadule mokulirapo, theka muwasinje ndi mbali ya mpeni. Onjezani mafuta a nkhumba odula tinthuli ting'onoting'ono, pafupifupi magalamu 30, mphukira za nsungwi za m'chitini zodula bwino, mchere, kashuga, tsabola woyera, madontho a mafuta a chitowe, ndi supuni yaing'ono ya Maizena (sitachi ya chimanga). Muike mufiriji kwa theka la ola musanayambe kukulunga.

Komabe, achemwali, ndikanakhala inu ndikanayamba ndi siu mai. Mwina munamuonanso patebulo paja: kamene kali ndi khungu lachikasu, kotseguka pamwamba, nyama ikuonekera. Kameneka sikafuna kupinda kulikonse, ndipo khungu lake mutha kugula lopangidwa kale. Funsani makungu a siu mai kapena a wonton mufiriji ya m'magolosale omwewo. Ngati ali amakona anayi, dulani makonawo ndi sizasi. Mumapanga kamphete ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, n'kuikapo khungu, n'kukankhira nyama mkati ndi mpeni wa batala, n'kufinya pang'ono m'chiuno, n'kugogoda pansi pake patebulo kuti kakhale chilili. Pamwamba eniake amaikapo mazira a nkhanu, koma kadontho ka karoti wodula bwino n'kokwanira.

Chinsinsi cha siu mai chili m'kakandidwe ka nyama. Tengani magalamu 300 a nyama ya nkhumba ya paphewa, yamafuta ndithu, chifukwa yopanda mafuta imauma ngati chikuni. Ndimakonda kuidula ndi mpeni osati kugula yogaya kale, kuti pakhale choluma. Thirani mchere, supuni imodzi ya soya sosi, kashuga, tsabola woyera, supuni imodzi ya Maizena ndi masupuni awiri a madzi. Ndiyeno takasani ndi dzanja kuloza mbali imodzi yokha, osabwerera m'mbuyo, kwa mphindi 5 kapena kupitirira, mpaka nyama iyambe kumata m'mbali mwa mbale n'kuoneka tiulusi. Inyamuleni yonse n'kuimenyetsa m'mbale kangapo. Mchere ndi kutakasako zimatulutsa zomata za m'nyama, ndipo n'zimene zimachititsa kuti siu mai akhale wogwirana, wonyutuka, wosunga msuzi wake, osati wonyenyeka ngati zam'kati mwa samusa. Zikatero onjezani magalamu 150 a ma prawns odula, bowa wouma wa shiitake atatu kapena anayi, woviika mpaka afewe, ndi mafuta a chitowe. Ngati kwanu simudya nkhumba, ntchafu za nkhuku zosachotsa mafuta zimachita bwino kwambiri. Ku Hong Kong komweko, ku Wan Chai, kuli malo odyera a Asilamu amene amadziwika ndi dim sum wopanda nkhumba, choncho simukhala mukuphwanya mwambo wa eniake.

Za timadengu tansungwi, musadandaule. Ubwino wake ndi wakuti nsungwi imamwa nthunzi, ndiye madzi sadonthera pachakudya. Zimenezi mungazipeze mwanjira ina. Tengani poto wamkulu, ikani mbale yaing'ono yachitsulo chozondoka pansi pake, thirani madzi osafika pamwamba pa mbaleyo, kenako sanjikani mbale yathyathyathya imene ikusiya mpata m'mbali kuti nthunzi izidutsa. Sefa yachitsulo imagwiranso ntchito. Chivundikiro muchikulunge ndi nsalu yoyera, n'kumanga nsonga zake pamwamba kuti zisagwire moto. Amene anaphikapo mkate wa nthochi m'masamba sangaone chachilendo apa.

Kukakamira kuja kuli ndi mankhwala awiri. Oyamba, musaike dim sum pambale yopanda kanthu. Yalani tsamba la kabichi, kapena pepala lophikira keke loboola timabowo, kapena dulani karoti mopyapyala n'kukhazika aliyense pa kachidutswa kake, ndipo asagundane. Achiwiri ndi kuleza mtima pochotsa. Khungu la sitachi likangochoka pa nthunzi limakhala lofewa ndi lomata zedi. Vundukulani, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, muona likuyamba kuwala n'kulimba. Pamenepo mpamene munyamule.

Moto ukhale waukali, ndipo madzi akhale atawira kale musanaike chakudya. Har gow amafuna mphindi 6 kapena 7 basi. Mukapitiriza, khungu limamwa madzi, n'kulefuka, n'kuphulika, ndipo ndikukhulupirira kuti zimenezi zinakuchitikiraninso, chifukwa ife tinazolowera kuti nyama imapsa ndi nthawi yaitali. Siu mai amafuna mphindi 8 mpaka 10 poti muli nkhumba kapena nkhuku. Dulani mmodzi pakati muone kuti wapsa mpaka mkati musanapakule. Musamavundukule pafupipafupi. Ngati mukuphika kangapo, onjezani madzi owira, osati ozizira.

Ndikudziwa kuti ena amene akuwerenga pano ali ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Tete, komwe sitachi ya tirigu singapezeke mosavuta. Mutha kuipanga nokha. Kandani fulawa ndi madzi, muusiye ola limodzi, kenako muuchape m'beseni la madzi ngati mukuchapa nsalu. Madzi asanduka oyera ngati mkaka, ndipo m'manja mwanu mutsala chinthu chotamuka ngati labala, chomwe ndi gluten uja. Sefani madziwo, muwasiye akhazikike usiku wonse pamalo ozizira, tsanulani apamwamba, ndipo zotsala pansi muyanike mpaka ziume. Ya chinangwa ndi chimodzimodzi: palani chinangwa chozuna monga manyokola, finyani m'nsalu ndi madzi, dikirani zikhazikike, yanikani. Ndi ntchito ya masiku awiri, ndipo sindikuuzani kuti ndi yopepuka. Ngati simungathe, fulawa wamba alinso ndi malo ake. Magalamu 200 a fulawa ndi mamililita 110 a madzi otentha kwambiri, kukanda, kusiya mphindi 30, n'kupalasa mopyapyala ndi botolo, zimapereka khungu lofewa labwino lophika ndi nthunzi. Silidzaonekera mkati, ndipo si har gow, koma ndi chakudya chenicheni chimene anthu a ku China amadya m'makomo mwawo.

Mukapanga ambiri, ayaleni aawisi pathireyi osagundana, muwaumitse mufiriza, kenako muwaike m'thumba. Tsiku lophika musawasungunule, angochoka mufiriza n'kulowa pa nthunzi, n'kuwonjezera mphindi 3 kapena 4.

Ndipo tsikulo muwiritse tiyi wopanda shuga ndi mkaka, wa jasmine kapena wa pu-erh ngati mungaupeze, chifukwa ndi umene umatsuka mafuta m'kamwa. Patebulo la yum cha munthu sayamba ndi kapu yake, amathirira anzake kaye, ndipo wothiriridwayo amagogoda tebulo ndi zala ziwiri pothokoza. Muitaneni mwana wanu uja Lamlungu likubwerali, mumupatse ntchito yodula karoti, inu muyambe ndi siu mai. Har gow mudzayese sabata yotsatira, ndipo mudzanditumizire chithunzi cha khungu lake mutalikweza pa kuwala kwa pawindo.