Petro pamadzi, phiri la Mulanje kumbuyo kwake

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimalemba zikwangwani za magolosale kuno ku Chitakale, ndipo akuluampingo andipempha kuti ndijambule Petro akuyenda pamadzi pakhoma la chipinda cha Sande sukulu. Ndapeza pa intaneti chithunzi cha Rembrandt cha ngalawa ili m'namondwe. Kodi ndingachitengere, nkuikamo phiri lathu la Mulanje, popanda kuipitsa Malemba?

YANKHO: Bambo, choyamba chenjerani ndi chithunzicho. Rembrandt, katswiri wojambula wa ku Netherlands, anachijambula mu 1633, koma nkhani yake ndi ya pa Marko 4, pamene Yesu anadzutsidwa m'ngalawa naletsa mphepo. Nkhani yanu ili pa Mateyu 14:22-33, ndipo ndi Mateyu yekha amene anatchula za Petro, chifukwa Marko ndi Yohane amangonena za Yesu akuyenda panyanja. Kwa Rembrandt bwerekani mdima, mafunde ndi kupendekeka kwa ngalawa, koma Yesu mumutulutsemo, aime pamadzi.

Za phirilo musade nkhawa. Mu 1444, wojambula wina wa ku Ulaya, Konrad Witz, anajambula Petro ali m'madzi akupita kwa Yesu, koma nyanja imene anaikapo inali ya Geneva, ku Switzerland, pamodzi ndi mapiri ake, kuti anthu akumeneko aione nkhaniyo ngati yachitikira pakhomo pawo. Kuno kwathu, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo amisiri akumeneko akhala akusema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo ndi nkhope komanso zovala za Amalawi. Mukafuna bwato la asodzi a ku Chilwa m'malo mwa ngalawa yamathanga, liikeni. Petro naye anali msodzi.

Chimene ndikadakonda muchiganizire kwambiri ndi kamphindi kamene mudzasankhe. Ojambula ambiri amathamangira pamene Petro akumira, mwina chifukwa nkhope yamantha ndi yosavuta kuijambula, koma ana amene azidzayang'ana khomalo Lamulungu lililonse angadzakule akumudziwa Petro ngati munthu wolephera basi. Ine ndikadajambula pamene phazi limodzi laponda kale madzi, lina lidakali m'bwato, dzanja likugwirabe m'mphepete, anzake akumuyang'ana kukamwa kuli yasaa. Mateyu akuti inali nthawi ya ulonda wachinayi wa usiku, kutanthauza mbandakucha, choncho Sapitwa, nsonga yaitali ya phiri la Mulanje, aoneke mwachizimezime, kuwala kukungoyamba kumene kumbuyo kwake. Utoto woyera muusunge wa thovu la mafunde ndi chovala cha Yesu.