Galimoto yatsopano, batire likungotha moto: poyambira kufufuza

M'bale wina wa ku Randburg watilembera kalata iyi: "Galimoto ndinagula yatsopano miyezi inayi yapitayo. Ndikaiimika Lachisanu madzulo, Lolemba m'mawa silira mpaka ndiijampe. Kwa ogulitsa anayeza batire n'kunena kuti lili bwino. Kodi ndingogula lina?"

Achimwene, musagule kaye. Ngati pali chimene chikuba moto usiku, batire latsopanolo lidzatheranso momwemo, ndalama itapita kale. Pezani multimeter, mita yoyezera moto wa magetsi, ngakhale yotchipa, muyambe ndi manambala.

Galimoto igone usiku wonse, m'mawa musanaliize muyeze pa mitu ya batire. Lodzaza limaonetsa 12.6V, pa 12.2V ndiye kuti lili pa theka, ndipo pansi pa 12.0V latheratu. Wina alize injini inu maso ali pa mita: nambala isatsike kupitirira 9.6V. Injini ikulira, alternator, chipangizo chotchaja batire, izipereka pakati pa 13.8V ndi 14.7V. Galimoto zambiri zatsopano kompyuta ndiyo imalamula katchajidwe, choncho mukaona nambala ikutsika n'kukweranso musafulumire kuimba mlandu alternator. Gwedezaninso zomangira za pa mitu ya batire ndi dzanja, zikasuntha, mangani.

Koma kufa kwa batire galimoto itangoima masiku awiri kapena atatu kukundiloza ku moto wotayika galimoto ili chizimire. Galimoto ya masiku ano sizima kotheratu. Mukaikhoma, makompyuta ake amagona pang'onopang'ono, ena mpaka mphindi 30 kapena 45. Ikagona bwino, isamadye kuposa 50mA (mA ndi muyeso wa moto umene ukukokedwa). Tiwerengere limodzi: chinthu chodya 400mA chimamwa 9.6Ah pa tsiku (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). Pa batire la 60Ah, masiku atatu okha theka lapita, ndipo m'mawa wa June kapena July kuno ku Johannesburg, kuzizira kukafika pafupi ndi 0°C, theka limenelo silitembenuza injini.

Kayezedwe kake nkotere. Tsegulani boneti, kanikizani loko wake ndi sikuludiraiva kuti galimoto iziona ngati yatsekedwa, khomani zitseko, kiyi mupite naye kutali. Njira yabwino ndi clamp meter yowerenga DC, chifukwa mumangoikoleka pa waya wa negative osamasula kanthu. Mukagwiritsa ntchito multimeter, ikani pa 10A, ilowe pakati pa mutu wa negative ndi waya wake, ndipo musayerekeze kuliza injini kapena kuyatsa magetsi, fyuzi ya mita ipsa pomwepo. Dikirani mphindi 45 musanakhulupirire nambala.

Ikapitirira 50mA, amakaniko ambiri amayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi. Pa galimoto yakale zimenezo zimagwira, koma pa yatsopano kubwezera fyuzi kumadzutsa makompyuta, ndiye mumayambiranso kudikira. Ikani mita pa mV, mugunditse timitu tiwiri tachitsulo tooneka pamsana pa fyuzi iliyonse. Yomwe moto sukudutsamo ionetsa 0.0, yomwe ikuonetsa kanambala ndiyo njira ya wakubayo.

Kuno ku Joni woyamba kumukayikira ndi tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa. Makampani a inshuwalansi amaifuna pa galimoto zambiri, ndipo imaikidwa galimoto itachoka kale ku fakitale. Yoikidwa bwino imadya pang'ono kwambiri, koma ikalumikizidwa pa waya wolakwika, kapena kabatire kake kamkati kakafa n'kumangokoka moto, galimoto sigona. Musaichotse nokha, inshuwalansi ingadzakukanireni. Itanani amene anaiika adzaiyeze. Chachiwiri ndi dashcam yojambula galimoto itaima, kenako kachipangizo kalikonse kosiyidwa pa OBD (pulagi imene amakaniko amalumikizapo kompyuta yoyezera galimoto), ndi getsi la mu buti losazima: babu la 5W lokha limadya pafupifupi 400mA. Ngati galimoto ndi ya keyless ndipo kiyi amagona pa msomali pafupi ndi garaja, amatha kumaidzutsa usiku wonse. Msunthireni kuchipinda chakutali muone kusintha.

Nambala ikakhala pansi pa 50mA, bwererani ku batire ndi kayendedwe kanu. Maulendo a mphindi khumi, magetsi ndi hita zili choyaka, sabwezera moto umene sitata yatenga. Ndipo galimoto yatsopano sikutanthauza batire latsopano: likakhala miyezi pa yadi ya ogulitsa lili lopanda moto, mkati mwake mumaonongeka ndipo silisunganso moto ngati kale. Litchajeni ndi tchaja mpaka lidzaze, kenako amakaniko apime CCA yake, mphamvu yolizira injini kukuzizira, poyerekeza ndi yolembedwa pa batirepo. Ngati galimoto ili ndi start-stop, kutanthauza kuti injini imazima yokha mukaima n'kudziliza mukamanyamuka, batire lolowa m'malo likhale la mtundu wa EFB kapena AGM monga linalimo, ndipo pa galimoto zina amayenera kulilembetsa mu kompyuta, apo ayi katchajidwe kamasokonekera.

Popeza galimoto ili pa warranty, musadule waya uliwonse. Jambulani manambala a pa mita, mupite nawo kwa ogulitsa, muwapemphe kuti galimoto igone kumeneko ayeze parasitic draw, moto wotayika uja, ndipo zotsatira azilembe pa job card, pepala lolembapo ntchito imene agwira. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakutetezani miyezi isanu ndi umodzi katundu akakhala ndi vuto, ndiye kwa inu kwatsala miyezi iwiri. Pitani sabata ino. Akakuzengerezani, dandaulo limapita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, ndipo adzafuna kuona ma job card amenewo.